Masipika Awiri ndi Kaseti ya Zuze

Ndinagona m'chipatala milungu itatu yokha, koma pobwerera kunyumba ku Bangwe ndinapeza masipika anga atawakweza kudenga. Ina anaiika pamwamba pa kabati ya mbale, ina pa shelefu ya pangodya, pafupi ndi chithunzi cha ukwati wa mwana wanga. Iliyonse anaifunditsa kansalu koluka, pamwamba pake n'kukhazikapo maluwa a pulasitiki. Maluwa! Pa masipika amene ndinachoka nawo ku Joni nditawakulunga m'mabulangete anga omwe, ine n'kumanjenjemera ndi chisanu njira yonse.

Ndinaitana mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga Dalitso.

"Amake Tadala, wachita izi ndani?"

"Ndine, bambo. Zimadya malo pabalaza pano. Alendo akabwera amasowa popondera."

"Ndiye mwati zipachikidwe ngati chimanga cha mbewu?"

"Iii, bambo, koma zikulira kuposa kale. Tamvani besi yakeyo."

Anayatsa wailesi. Mbale zonse za m'kabati zinayamba kugwedera. Munthu amene ankawerenga nkhani ankamveka ngati walowetsa mutu m'mgolo.

"Wanena chiyani munthuyo?" ndinafunsa.

"Sindinamvetsetse bwino."

"Basi. Ndi zimenezo."

Anaseka, poganiza kuti ndi zolongolola za nkhalamba yongotuluka kumene m'chipatala. Sankadziwa kuti ndinali nditaitana mai Rozina kuti abwere Lamlungu lotsatira adzamve mawu a mwamuna wawo, Zuze, mnzanga amene anafera ku Joni. Mawuwo anali m'kaseti imene ndinaibisa pansi pa sutikesi kuyambira Dalitso akuyenda wopanda kabudula. Ndi mawu a munthu wodwala chifuwa, otsika, ojambulidwa pa kawailesi kotopa, ndipo makutu a mai Rozina nawonso akalamba. M'mgolo muja sakanamva kanthu. Ndipo ndinkadzidziwa: mtima woti ndiwaitanenso kachiwiri ndinalibe.

Ku Joni ndinapita ndili mnyamata wosadziwa ngakhale kulemba dzina langa. Ku ofesi yolembera anthu opita kumigodi anativula malaya, kutikweza pa sikelo ngati mbuzi zamalonda, kutigogoda pachifuwa ndi zala, kenaka n'kutidinditsa chala papepala. Amene ankasayina ndi cholembera ankatiyang'ana ife odinda ngati tanunkha. Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti kumene ndikupitako palibe adzadziwe. Ndinagula cholembera n'kuchikoleka m'thumba la malaya. Chinakhala mmenemo zaka zonsezo, inki yake osachepa.

Za pansi pa mgodi sindikonda kufotokoza zambiri. Chikepe chinkatitsitsa mimba ili kukhosi. Kunali kutentha koti thukuta linkadzaza jombo, ndi fumbi loyera limene linkakhala pa lilime ngati ufa. Mabwana ankalidziwa bwino fumbi limenelo. Iwo akatsika ankatseka mphuno ndi mpango, kuyang'ana uku ndi uku, n'kukwera. Ife tinkalimeza kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Makina obowolera mwala nawo ankatidya makutu, moti tikatuluka tinkalankhulana mokuwa ngati tikukangana. Malipiro akatuluka tinkatumiza kumudzi, ndipo kumudziko ankaganiza kuti ku Joni ndalama timatola pansi ngati mango.

Tinkagona kukomboni, amuna oposa khumi m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana. Pamwamba panga pankagona Zuze, Msena wa ku Nsanje, wamtali, wa miyendo imene inkalendewera pamaso panga m'mawa uliwonse. Asanapite kumigodi anagwirapo ntchito m'shopu yokonza mawailesi ku Limbe, ndipo mkazi wake anamusiya ku Chilobwe. Iye ankanditcha Mulomwe, ine ndinkamutcha Msena, ngati panalibe wina wa mitundu imeneyi padziko lonse.

Tsiku lina Loweruka anabwera kuchokera m'tauni atasenza mabokosi awiri amatabwa, okandikakandika, amene mzungu wina anawagulitsa ngati zotha ntchito. Anzathu anathamangira kukawakankhira m'ngodya kuti asatseke njira. Zuze anakuwa ngati amupondera mwana.

"Chotsani! Sipika ikatsamira khoma imalankhula ndi khomalo, osati ndi iwe. Pangodya ndiye imangobuula ngati ng'ombe. Mulomwe, tabwera kuno, gwira chingwechi."

"Chingwe ndi nyimbo zikugwirizana bwanji?"

"Ukanadziwa ukanasiya kudya njoka. Gwira."

Anandiphunzitsa tsiku lomwelo masana, anzathu akutiseka. Sipika iliyonse anaikoka kuichotsa kukhoma ndi mkono wathunthu. Anaikweza pa makireti mpaka kachibowo kakang'ono ka m'mwamba, kamene kamatulutsa mawu opyapyala, katalingana ndi khutu la munthu wokhala pa chitini chimene chinali mpando wathu. Kenaka anayeza ndi chingwe kuchoka pa sipika iyi kufika pa inayo, anamanga mfundo, ndipo utali womwewo anauyeza kuchoka pa sipika iliyonse kufika pamphuno panga.

"Zitatuzi zikhale ngati mafuwa," anatero. "Iwe ndiwe fuwa lachitatu. Likatalikira limodzi, mphika wagwa."

Anapotoza iliyonse pang'ono kuti iyang'ane phewa langa. Anandionetsa mawaya: wofiira kubowo lofiira, wakuda kulakuda, mbali zonse ziwiri, chifukwa ukatembenuza mbali imodzi mawu amabalalika, osadziwika kumene akuchokera. Pomaliza anakoleka bulangete pakhoma la kumbuyo kwanga kuti simenti isabweze mawu.

"Tseka maso."

Ndinatseka. Woimba uja anaima patsogolo panga, pakati penipeni, pamene panalibe bokosi lililonse. Ndinamva mpaka kupuma kwake. Ndinatsegula maso kuti ndione ngati walowa munthu.

Kuyambira tsiku limenelo amuna aja amene ankatiseka ankachita kufola pa chitini chija. Zuze ankawayeza mmodzimmodzi, wamfupi kumuikira thabwa pansi. Wina akadandaula kuti ndi zochedwetsa, iye ankati, "Makutu athu akuwamaliza pansi paja. Kochepa katsalako tisakataye ndi ulesi."

Pa chitini chomwecho tinkamverera makaseti ochokera kumudzi. Ambiri sitinkalemba makalata, tinkajambula mawu n'kupatsira amene akupita. Ndipo kaseti inali ndi mwambo wake. Sungayambe ndi nkhani. Umayamba ndi moni, kuyambira wamkulu wa pabanja, kumutchula dzina, kutsika mpaka kakhanda, nthawi zina mpaka galu. Wodumpha munthu mmodzi ankayambanitsa mudzi.

Chifuwa chinamugwira Zuze chaka changa chomaliza. Anamugoneka m'chipatala cha pamgodi, m'chipinda chimene aliyense ankadziwa kuti anthu satulukamo ndi miyendo yawo. Amene anatimwetsa fumbi aja sanabwere ngakhale mmodzi kudzamuona. Ine ndinapita masana ena, ndinamupeza ali ndi kawailesi kobwereka pachifuwa. Anatulutsamo kaseti.

"Mulomwe, iyi ukaipereke m'manja mwa Rozina. Ndalankhula mbali yonse, mpweya unkandithera. Ndalembapo, waona?"

Ndinayang'ana zilembo zija. "Ndaona."

"Masipika utenge. Koma ndikadzamva kuti wawaika pangodya ndidzakulotetsa."

Sabata isanathe tinamuika m'munda wina kumbuyo kwa mgodi, pamanda a manambala.

Tsopano apa ndi pamene pali mlandu wanga. Makaseti athu onse tinkagula m'shopu imodzi ya pakomboni, mtundu umodzi, maonekedwe amodzi. Zuze ankalemba pa iliyonse, ngakhale zakale zimene tinkajambuliramo mobwerezabwereza. Ine ndinali ndi njira yanga yachinsinsi: yofunika kusunga ndinkaikanda ndi msomali pakona, yosakanda inali yoti n'kufufuta. Ya Zuze ndinaiponya m'katoni momwemo tsiku lija ndikuchokera kuchipatala, mutu uli wozunguzika, osaikanda.

Lamlungu lomaliza ndisananyamuke, pa wailesi panali nyimbo zovina, ndipo ndinafuna kupita nazo kumudzi kuti akaone kuti ndinali ku Joni. Ndinapisa m'katoni, ndinatulutsa yosakanda. Inali ndi zilembo, inde. Pabedi loyang'anana ndi langa panali mnzathu wina amene ankawerenga nyuzipepala. Kungotambasula dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, apa alemba chiyani?" Koma cholembera chinali m'thumba langa, aliyense akuchiona. Ndinalowetsa kaseti ija n'kudina batani lojambulira.

Nyimbo zitatha ndinaimitsa, n'kudinanso kuti ndimve ngati tepi yatsala. Pakati pa masipika awiri aja panaima Zuze, akutsokomola. "...ndiye usamamvere za anthu, Rozina."

Zinatsala mphindi zochepa zakumapeto. Zina zonse ndinaziphimba ndi magitala.

Kunyumba ndinafika ngati mlendo. Ana anga anathawa kukabisala kumbuyo kwa mai awo. Abale ankapereka moni kwa ine koma maso ali pa masutikesi. Mchimwene wanga, asanafunse n'komwe za ulendo, anayamba kuyeza masipika ndi maso kuti akawaike m'bawa yake. Ndinamuuza kuti akawakhudza ndimuthyola zala, ndipo sitinalankhulane mpaka Khirisimasi.

Tsiku lachitatu kunabwera mai Rozina kuchokera ku Chilobwe, wapansi, atagwira kamtsikana kawo, Lusiya, padzanja. Uthenga wa maliro anali ataulandira kale. Anagwada pakhomo.

"Alamu, munali naye mpaka kumapeto. Sanasiye mawu?"

Kaseti inali m'chipinda, mapazi asanu kuchokera pamene ndinakhala.

"Matenda anamufulumira, mlamu. Sanasiye."

Anagwedeza mutu, anathokoza, ananyamuka. Pasanapite nthawi anthu anayamba kunena kuti Zuze anali ndi mkazi wina ku Joni, chifukwa mwamuna wofa osasiya mawu ndiye kuti mtima wake unali kwina. Anthu oipa pakamwa! Munthu amene ankasunga sopo wonunkhira miyezi isanu kuti adzapatsire mkazi wake! Ndinkamva zimenezi m'maliro, m'minibasi, magazi akuwira. Koma amene akanawatseka pakamwa ndinali ine, ndipo ndinkangoyang'ana pansi.

Sukulu ndinayamba tsitsi litayera kale, mai a Dalitso atamwalira. Inali sukulu ya kwacha ya kutchalitchi, ndinkakhala pabenchi limodzi ndi amayi ogulitsa tomato amene ankafa ndi kuseka ndikalemba chilembo chagada. Tsiku limene ndinatha kulumikiza zilembo ndekha, ndinapita kunyumba, ndinatsegula sutikesi. Ndinawerenga ndi chala, pang'onopang'ono, monga anatiphunzitsira. KWA ROZINA. OSAFUFUTA. Mawu atatu okha. Kamwana ka sitandade 2 kakanandiwerengera.

Ngakhale pamenepo sindinapite. Ndinabwezera kaseti m'sutikesi, zaka zina n'kudutsa. Chimene chinandithyola ndi ulendo uja wa kuchipatala. Mai Rozina anabwera kudzandizonda pamodzi ndi amayi anzawo a Chikatolika. Nyumba yawo ya ku Chilobwe inapita ndi matope a namondwe uja, ndipo tsopano amakhala kwa mwana wawo ku Zingwangwa. Anzawo akupemphera ndi odwala ena, iwo anakhala pafupi nane.

"Mbale ndi zovala sindidandaula, alamu. Koma chithunzi chake chinali chimodzi chokha. Nkhope yake ikundithawa. Mawu ake ndiye ndinaiwala kalekale."

Ndinawauza kuti ndikatuluka abwere ku Bangwe, ndili ndi kanthu kawo.

Loweruka, Dalitso atapita ku minibasi yake, ndinauza amake Tadala kuti atsitse masipika. Anatsitsa akung'ung'udza. Nditayang'ana kumbuyo ndinapeza zimene ndinkaopa: mwana wanga, wa Fomu 4 yathunthu, analowetsa waya wofiira kubowo lakuda.

"Amuna anu amawerenga Chingelezi koma mitundu iwiri yawakanika."

"Mukawauze nokha, bambo. Nanga sofayi mukuti ipite kuti?"

"Kukhoma uko. Apa pakhala mpando umodzi."

"Umodzi? Alendo ena akhala pamutu panga?"

Tinakokerana tsiku lonse. Ndinachotsa masipika kukhoma ndi mkono wathunthu, kutali ndi ngodya zonse. Ndinawakweza pa njerwa. Pa simenti, pakati pa masipika ndi mpando, ndinayala mphasa. Makatani a pawindo ndinatseka, chifukwa galasi limabweza mawu moipa kuposa khoma. Mbale za m'kabati ndinati zipite kukhitchini. Pamenepo mpongozi wanga anaima manja m'chiuno.

"Bambo, pabalaza panga pakuoneka ngati pagalaja. Kodi mlendo wake ndi bishopu?"

"Takhalani apa. Gwirani chingwechi pamphuno."

"Ine?"

"Tsekani maso."

Ndinayatsa wailesi. Anali munthu yemwe uja wowerenga nkhani. Amake Tadala anatsegula maso msanga n'kuyang'ana pakati pa masipika, pamene panali khoma lokha.

"Ha! Munthuyu ali pati?"

"Wanena chiyani?"

"Akuti mafuta akwera." Anayang'ana njerwa zija. "Komabe sizikuoneka bwino."

Atapita kukhitchini ndinatulutsa kaseti. Ndinaizunguliza ndi pensulo mpaka pamene nyimbo zimathera. Maganizo anga anali oti ndiyambire pomwepo, amve mwamuna wawo, za magitala zisadziwike. Nkhalamba yonse ine, nditabisa zaka zonsezo, ndinkafunabe kubisa theka.

Mai Rozina anafika misa itatha, atavala chitenje cha kutchalitchi. Ndinawakhazika pampando uja. Ndi aafupi kuposa mpongozi wanga, ndiye ndinachotsa njerwa imodzi mbali iliyonse, n'kubwera ndi chingwe pamphuno pawo.

"Alamu, mukundiyeza bokosi ndikadali moyo?"

"Musasunthe mutu, mlamu." Ndinakulunga chingwe chija. "Zuze anasiya mawu. Ali umu."

Ndinadina.

Kunamveka kutsokomola, kenaka iye, pakati penipeni, ngati wakhala pa mphasa. "...ndiye usamamvere za anthu, Rozina. Denga la kuchipinda lija uwauze achimwene ako akuthandize mvula isanayambe. Lusiya asasiye sukulu, ngakhale zivute bwanji. Ine kuno ndikatseka maso ndimakuona ukuyanika zovala, ukundikalipira kuti ndaponda pamene wakolopa." Anaseka, chifuwa n'kumudula. Chilichonse chinkamveka, mpaka kulira kwa bedi lachitsulo. Kumapeto analankhula Chisena, mawu amene ine sindiwadziwa tanthauzo mpaka lero. Mai Rozina anamuyankha m'Chisena momwemo, dzanja atalitambasulira pamalo opanda munthu paja.

Tepi inatha. Amake Tadala anali ataima pakhomo la kukhitchini, chitenje chili kukamwa.

"Bwezani," anatero mai Rozina. "Kuyambira poyamba."

"Poyambira pake ndi pomwepo, mlamu."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Zuze angayambe kulankhula osapereka moni kwa amayi anga? Zuze? Bwezani mpaka koyambirira kwenikweni."

Ndinabweza. Ndinadina. Magitala a ku Joni anadzaza nyumba yonse, omveka bwino kuposa tsiku limene ndinawajambula, ng'oma kumanzere, malipenga kumanja, chifukwa ndinali nditayeza bwino. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.

"Musazimitse."

Tinakhala choncho. Nyimbo yoyamba inatha, inayamba yachiwiri. Ndinayamba kufotokoza mkati mwa phokosolo, za msomali, za mnzathu wa nyuzipepala, za cholembera. Iwo maso anali kutsogolo. Anamvera nyimbo zonse zisanu, imodzi ndi imodzi, mpaka Zuze anatsokomolanso. Atamaliza kulankhula kachiwiri, ndi pamene anandiyankha.

"Kusadziwa kuwerenga si tchimo. Amayi anga anafa osadziwa, anthu ankawapatsa ulemu. Kufufutako ndi ngozi, ndikanalira sabata imodzi n'kusiya. Koma ine ndinagwada pakhomo panu, bambo inu. Munandiyang'ana m'maso."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi? Manyazi mukuwadziwa inu? Ndinkapita kumpopi mbandakucha kuti ndisakumane ndi akazi anzanga. Lusiya anakula akuuzidwa kuti bambo ake anamutaya. Ine ndemwe ndinafika pokhulupirira. Ndinasiya kumuperekera misa zaka zingapo, mukudziwa? Munthu akundiuza za denga!"

Ndinatulutsa kaseti n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaiyang'ana, anawerenga zilembo zija, anaisisita ndi chala, kenaka anandibwezera.

"Ku Zingwangwa ndikaiika m'chiyani? Adzukulu anga amamvera pa foni. Ndipo ine ndikufuna azikhala apo, pamene anakhala lero." Anatembenukira kukhitchini. "Mwana wanga, nyumba ino ndi yako?"

"Eya, amayi."

"Zinthu izi zisasunthe."

"Sizisuntha, amayi. Wokhudza adzaonana ndi ine."

"Ndizibwera Lamlungu lililonse misa ikatha. Lamlungu likubwerali ndibwera ndi Lusiya." Anaimirira, anakonza chitenje. "Inu bambo muzindiyatsira. Mukayatsa muzituluka."

Ndi mmene zikukhalira mpaka pano. Akafika ndimawakhazika, ndimadina, ndimatuluka, n'kukakhala pa mwala wa kumpanda kumene mawu safika. Chakudya amadya ndi amake Tadala. Mawu oti alamu sanawatchulenso.

Lamlungu lapitali, akutuluka pageti, anaima pafupi ndi mwala wanga osandiyang'ana.

"Ya kumanzere ija yapotoka. Lero anakhalira mbali imodzi."

Ndinalowa m'nyumba n'kukayeza. Inali itapotokadi, ndi zala ziwiri.